Neba akamakusowetsani mtendere kuno ku England

Kwathu munthu akamakuvutitsa umadziwa kolowera, kwa amfumu kapena kwa a block leader ngati uli ku Ndirande kaya Area 25, mawa lake nonse mwaitanidwa nkhani yatha. Kuno kulibe zimenezo ndiye ambirife timangopirira, nyimbo zikugunda khoma mpaka 3 koloko m'mawa, tianyamata tikugenda mazira pa windo, wina akutaya zinyalala pakhomo panu, ife nkumangodandaula pa gulupu ya WhatsApp basi. Eni dziko amazitcha anti-social behaviour ndipo njira zothana nazo zilipo, kungoti zonse zimayenda ndi zolemba. Pakamwa pokha simupita patali.

Ngati nebayo akuoneka munthu womva, mugogodereni masana ali bwinobwino, osati usiku omwewo atakhuta mowa. Ena sadziwa nkomwe kuti makoma a mafulati amenewa ndi opyapyala. Koma mukaona kuti ndi wa ndewu musayerekeze, ndipo chonde abale anga musabweze, mukangomukankha kapena kumutukwana iye nkukujambulani pa foni mlandu watembenuka, ndipo kwa ife a ma visa mbiri ya kupolisi ija imadzatipeza nthawi yowonjezera mapepala.

Gulani kope. Lembani tsiku, nthawi yomwe phokoso layamba, yomwe latha, ndi momwe lakusokonezerani, monga mwana sanagone kapena mwapita ku shift mutu ukuwawa. Jambulaninso mawu pa foni, makhonsolo ambiri amalandira zojambula za The Noise App. Ndikudziwa zimatopetsa, munthu wachokera ku care home watopa kale ayambenso ukalaliki, koma ofisala wa khonsolo akabwera chomwe adzafunse ndi kope lomwelo.

Phokoso si la apolisi kwenikweni, ndi la khonsolo, ofesi ya environmental health. Akatsimikiza kuti lafika poipa amapereka abatement notice, kalata yolamula neba kusiya phokosolo, pansi pa lamulo la 1990, nebayo akapitiriza amalipitsidwa chindapusa ngakhale kulandidwa ma speaker. Usiku pa lamulo la phokoso ndi kuyambira 11 mpaka 7 m'mawa, ndiye inu ogwira ma night amene mumagona masana, phokoso wamba ngati hoover kapena ana kusewera palibe angakuthandizeni, gulani zotseka m'makutu. Ngati nebayo amakhala nyumba ya khonsolo kapena ya housing association (bungwe lobwereketsa nyumba), lemberaniko, chifukwa anasainira pangano loti sazivutitsa anzake ndipo nyumba imatha kumuthawa.

Zikafika poopsezana, kuswa galimoto, kugulitsa mankhwala ozunguza bongo pa masitepe, imbani 101, koma 999 ngati zikuchitika pompo kapena moyo uli pachiswe. Musadule foni asanakupatseni reference number. Akakunenani za khungu lanu, zija za bwererani kwanu, auzeni apolisi mawu enieniwo osachita manyazi chifukwa imeneyo amaitenga ngati hate crime, mlandu wa chidani. Oopa kudziwika pali Crimestoppers, bungwe lolandira malipoti a milandu, pa 0800 555 111, safunsa dzina.

Nanga mwanena mwanena koma zii? Lamulo la 2014 linabweretsa chomwe ankati Community Trigger, pano akuti ASB Case Review (ASB ndi anti-social behaviour ija). Mukadandaula katatu m'miyezi isanu ndi umodzi popanda chooneka, mumapempha kuti khonsolo, apolisi ndi a nyumba akhale pansi awunikenso nkhani yanu, ndipo apa ndi pomwe ma reference number aja amagwira ntchito. Izi ndi za England ndi Wales, a ku Glasgow ndi Edinburgh malamulo anu ndi ena, funsani ku Citizens Advice, ndi ulere.

Komanso nafe tisadziyeretse. Ma braai athu a chilimwe, ma baby shower, mapemphero a usiku onse mu sitting room, magalimoto khumi atatseka ma driveway a eni ake, neba nayenso ali ndi kope lake. Kukakhala chochitika kaponyeni kakalata pa zitseko zoyandikana masiku awiri chisanafike, mulembemo nthawi yomwe muthere, ndipo 11 ikakwana volume pansi, anthu alowe m'nyumba.