Momwe mungasamalire matenda a shuga pa malo a anthu othawa nkhondo ngati Dzaleka

Malangizo ambiri a matenda a shuga amayankhula ngati aliyense ali ndi firiji, ndalama ya zipatso komanso chakudya katatu pa tsiku. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, sizili choncho. Kampuyi inatsegulidwa mu 1994, ndipo lero muli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku DR Congo, Burundi ndi Rwanda. Thandizo la WFP, bungwe la chakudya la United Nations, limabwera ngati ndalama, koma m'mabanja ambiri limatha mwezi usanathe. Ine ndili ndi shuga, kwathu ndi mudzi woyandikana ndi kampuyi, ndipo timakumana ndi odwala anzanga a mkatimo n'kumagawana nzeru. Izi ndi zomwe timachita.

Choyamba, kayezetseni kuchipatala m'mawa musanadye kanthu. Makina akaonetsa 7.0 kapena kuposa apo (makina ena amalemba 126), adokotala adzafuna kuyezanso tsiku lina kuti atsimikize. Mukapatsidwa mankhwala, lembani dzina lake ndi mlingo wake pa kapepala kapadera, mukaike mu kajumbo, kazikhala m'thumba nthawi zonse. Buku la kuchipatala limasochera pothawa. Mu May 2023 boma litasamutsa othawa kwawo m'matauni kuwabwezera ku Dzaleka, anthu ambiri ananyamuka mwadzidzidzi. Munthu wongokumbukira kuti "ndinkamwa timapilisi toyera" amavuta kumuthandiza.

Chachiwiri ndi mbale. Musasiye nsima; amene amakuuzani zimenezo sadziwa njala. Chepetsani chabe. Theka la mbale likhale masamba, gawo lotsalalo muligawe pawiri: mtanda umodzi wa nsima wofanana ndi chibakera chanu, kenako nyemba, nandolo, usipa, dzira kapena soya. Ufa ukhale mgaiwa, chifukwa gaga uja amachedwetsa shuga kulowa m'magazi, komanso kuchigayo mumalipira kamodzi kokha osakonoletsa. Masamba otsika mtengo ndiwo abwino: bonongwe, chisoso, nkhwani, kholowa, ndi chigwada chomwe anzathu a ku Congo amati sombe. Kungoti sombe amakonda kuithira mafuta ambiri, ndiye tapani ndi supuni, osapungula kuchokera m'botolo. Mchere usapitirire kasupuni kamodzi kakang'ono pa tsiku lonse. Chovuta kwambiri ku Dzaleka ndi tiyi wa shuga wambiri ndi mandasi kapena chapati m'mawa. Zimenezo ndi Sobo, Fanta ndi thobwa wothira shuga ndizo muyambe kusiya. Amene ali ndi kamalo, ngakhale thumba la simenti lodzaza dothi pakhomo, adzale mpiru. Madzi otsukira mpunga ndi masamba amakwana kuthirira.

Chachitatu, ndipo pano ndikhalitsapo: mankhwala azitsatana ndi chakudya. Mapilisi omwe ambiri timalandira ndi metformin ndi glibenclamide, ndipo sagwira ntchito mofanana. Metformin payekha kawirikawiri sagwetsa shuga mopitirira. Glibenclamide amakankha kapamba kuti atulutse insulin, timadzi totsitsa shuga m'magazi, kaya mwadya kaya simunadye. M'mimba mukakhala mulibe kanthu, shuga amatsika mpaka munthu kukomoka.

Ine zinandionekera m'mwezi wa February, ufa utatha m'nyumba. Ndinamwa pilisi m'mawa monga mwa masiku onse, n'kunyamuka wapansi kupita ku msika wa Lachiwiri ku Dzaleka ndi maganizo oti ndikadya ndikagulitsa tomato. Dzuwa lisanafike pamutu manja anayamba kunjenjemera, thukuta lozizira kutsika m'msana, mtima kugunda mothamanga. Munthu anandipatsa ndalama koma ndinalephera kuwerenga chenji, mawu akutuluka okokakoka. Anyamata ena anayamba kuseka, ati bambowa alawirira kachasu. Mayi wina wa ku Bukavu ku Congo amene amagulitsa pafupi nane, yemwe amuna ake ali ndi shuga, ndiye anazindikira. Anasungunula shuga m'kapu ya madzi, n'kundigwira mutu: "Imwani bambo, imwani yonse." Patapita kanthawi maso anayera.

Ndiye chitani chonchi. Mukamva zizindikiro zimenezi, kapena makina akaonetsa pansi pa 3.9 (ena 70), imwani masupuni ang'onoang'ono atatu a shuga m'madzi, kapena theka la botolo la Fanta. Dikirani mphindi 15. Ngati simunachire, bwerezani. Mukatsitsimuka idyani chakudya chenicheni, mbatata, nsima kapena nthochi, chifukwa glibenclamide amakhalitsa m'thupi ndipo shuga akhoza kugwanso madzulo kapena usiku. Tsiku lomwelo pitani kuchipatala. Munthu akakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni chammbali n'kuthamangira naye kuchipatala. Muziyenda ndi shuga womanga m'kapepala kapena masiwiti, ndipo muwauze ana kuti amenewo ndi mankhwala. Auzeninso oyandikana nawo, m'Chichewa, m'Chiswahili kapena m'Chirundi, kuti akakuonani mukudzandira asaganize za mowa.

Chachikulu, auzeni adokotala zoona. Ambiri timachita manyazi kunena kuti sabata yomaliza ya mwezi timadya kamodzi pa tsiku. Nenani. Afunseni mwachindunji kuti tsiku lopanda chakudya muchite bwanji ndi pilisi lililonse, ndipo alembe m'buku. Ine anandiuza kuti glibenclamide ndizimwa chakudya chili kale patsogolo panga, osati chili m'maganizo. Obaya insulin asasiye okha jakisoni chifukwa chosowa chakudya, makamaka ana ndi achinyamata. Kumeneko n'kuika moyo pachiswe. Mlingo wake asinthe ndi adokotala. Ndipo chakudya chochepacho ndi bwino kuchigawa katatu kusiyana n'kuchidya chonse usiku. Ndalama ikangolowa, patulani nyemba ndi ufa wa sabata yomaliza musanagule china chilichonse.

Ndinenepo za ogulitsa. Pa msika sipasowa munthu wa mabotolo a madzi obiriwira, ati amachiza shuga sabata ziwiri. Palibe chotero. Chammwamba ndi ndiwo zabwino, idyani, koma sichilowa m'malo mwa mankhwala. Mapilisi a pa tebulo opanda paketi, owambidwa ndi dzuwa tsiku lonse, asiyeni ngakhale atsike mtengo chotani. Makina oyezera shuga nawo ali ndi msampha: makinawo mumagula kamodzi, koma timapepala take ndi tomwe timadya ndalama, ndipo ta kampani ina sitilowa m'makina a kampani ina. Onani tsiku lothera ntchito pa kabotolo. Ife tinasonkherana n'kugula makina amodzi pa gulu, koma kasingano kobayira chala aliyense kake, osabwerekana.

Chachinayi, kuyenda. WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, imati mphindi 150 pa sabata, kutanthauza theka la ola masiku asanu. Amene amatunga madzi ndi kulima akukwanitsa kale. Amene amakhala pa makina osokera kapena mu shopu tsiku lonse aziyenda pang'ono akatha kudya, ndipo asayende mtunda wautali ndi njala.

Insulin popanda firiji: ikani mtsuko waung'ono mkati mwa waukulu, pakati pake mchenga wonyowa, insulin mu mtsuko waung'onowo, pamwamba kansalu konyowa, pamthunzi. Kafukufuku wa bungwe la madokotala la MSF ndi yunivesite ya Geneva wa mu 2021, wotengera kutentha kwa ku kampu ya Dagahaley ku Kenya, anapeza kuti insulin imagwirabe ntchito kwa masabata anayi pa kutentha kosinthasintha pakati pa madigiri 25 ndi 37. Lembani pa botolo tsiku lomwe mwalitsegula.

Mapazi muziwaona madzulo aliwonse, pakati pa zala pomwe, ndipo musayende opanda nsapato. Kabala kakang'ono pitani nako kuchipatala kasanatukusire. Fodya siyani. Nkhawa ndi kusowa tulo zimakweza shuga, ndipo anthu amene anaona nkhondo ambiri sagona bwino, choncho zimenezo muzizinenanso kwa adokotala kapena alangizi. BP muziyezetsa ulendo uliwonse mukapita kukatenga mankhwala, ndipo muzipita otsalawo asanathe, kutatsala sabata imodzi.