Momwe mungayambire kupanga makatuni pa kompyuta popanda kugula pulogalamu

Anyamata angapo a pa Chitakale akhala akundifunsa za katuni ya mayi wothyola tiyi imene anaiona pa WhatsApp, kuti ndinaipanga bwanji. Ndiye ndati ndilembe pano kuti nawonso a ku Luchenza ndi ku Bvumbwe amve.

Yambani ndi makina. Laputopu yakale ikukwanirani, bola batire. Mukapita kukagula ku Limbe, muuzeni wogulitsayo azule chaja, inu mukhale pomwepo theka la ola mukuyang'ana. Akayamba kukuthamangitsani ndi nkhani zoti kasitomala wina akubwera, nyamukani. Ndi magetsi athu ozimazimawa, laputopu yopanda batire idzakulizani. Zoti mugule kaye thabuleti yojambulira, zisiyeni. Mawusi ikwanira, kapena jambulani papepala n'kutola chithunzicho ndi foni.

Kenako pulogalamu. Ine ndimayambitsa aliyense ndi Pencil2D chifukwa ndi yaulere, yaing'ono, ndipo siilemetsa kompyuta. Gulani bandulo ya usiku mudawunilode nokha kuchokera pa webusaiti ya eni ake. Alipo anthu oyenda ndi fulashi amene amati akuikirani mapulogalamu onse ogulitsa a kampani ya Adobe pamtengo wa mbale ya tchipisi. Musalole. Zimenezo n'zakuba ndipo kawirikawiri zimabwera ndi vayirasi. Krita, OpenToonz ndi Blender nazonso n'zaulere, koma zidikire kaye, makamaka Blender imene imafuna makina amphamvu. Amene ali ndi foni yokha ayambe ndi FlipaClip.

Mukatsegula, musathamangire kujambula munthu. Jambulani mpira ukugwa n'kudumpha. Siyani liwiro pa zithunzi 12 pa sekondi imodzi, kutanthauza kuti miniti imodzi ikufuna zithunzi 720. Nambala imeneyi muisunge mumtima musanalonjeze munthu filimu ya theka la ola. Yatsani onion skin kuti chithunzi cham'mbuyo chizioneka mwachizimezime pansi pa chimene mukujambula. Jambulani kaye mpira uli pamwamba, kenako utagunda pansi utaphwatalala pang'ono, zapakatizo mudzaze pambuyo. Mpirawo ukayamba kuoneka ngati uli ndi kulemera, pitani ku dzanja lothyola nsonga ya tiyi n'kuponya mu dengu la kumsana. Ine ndinakhala m'mawa wathunthu m'mbali mwa msewu ndikungoyang'ana manja a amayi aja, ndipo ndinaona kuti mutu sutembenuka, dzanja lokha ndi limene limadziwa pamene pali dengu.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere, pa kasungidwe ka ntchito yanu, chifukwa ndi pamene ine ndinapsa.

Ndinaphunzira ntchito imeneyi pa Flash, pulogalamu yopangira makatuni a pa intaneti, nthawi imene aliyense wopanga mawebusaiti ankalumbirira Flash ndi Dreamweaver, ena FrontPage. Webusaiti yopanda chinthu chovina pa tsamba loyamba inkaoneka ngati ya wosadziwa ntchito. Adobe itagula Macromedia, kampani imene inkapanga Flash, mu 2005 tinkati basi zinthu izi zakhazikika. Mu 2010 Steve Jobs, mkulu wa kampani ya Apple nthawi imeneyo, analemba kalata yofotokoza chifukwa chake Flash siloledwa pa iPhone, ine sindinalabadire, pajatu kuno ndani anali ndi iPhone? Mu 2017 Adobe inalengeza kuti Flash Player, kapulogalamu koonetsera zopangidwa ndi Flash, idzatha kumapeto kwa 2020. Ndinamva, koma ndinkangoti ndidzakonza mawa.

Vuto linali langa. Makatuni anga onse a zaka zimenezo ndinawasunga ngati mafayilo a SWF okha, oti ankaseweredwa ndi Flash Player. Mafayilo a FLA, amene munthu amatsegula kuti asinthe chojambula, ndinawafufuta kuti ndipeze malo pa kompyuta. Tsiku lina mu 2021 ndinafuna kuonetsa mwana wa achemwali anga katuni imene ndinapanga ya agogo athu akusinja pamtondo, momwe munali mawu awo enieni akuimba. Ndinadina, osatseguka. Ndinayesa pa kompyuta ya mnzanga ku Boma, chimodzimodzi. Agogowo anali atatisiya kale, ndipo mawu aja ndinalibe kwina. Usiku umenewo sindinagone. Patapita miyezi mnzanga wina anandiuza za Ruffle, kapulogalamu kaulere kotsegula mafayilo akale a Flash. Ya agogo inatseguka, ndinaijambulanso pomwepo kuchokera pa sikirini, koma ina ingapo inakana mpaka lero.

Ndiye inu muzichita chonchi. Katuni iliyonse muisunge mitundu itatu: fayilo ya pulogalamuyo, imene mu Pencil2D imathera ndi pclx, kenako kanema wa MP4, komanso zithunzi zonse chimodzichimodzi za PNG mu foda yakeyake. Mawu muwasunge padera ngati WAV. Pulogalamu ikadzafa ngati momwe inafera FrontPage, zithunzi ndi mawuwo mudzazilowetsa mu ina iliyonse. Foda yonseyo ikhale malo awiri, pa kompyuta ndi pa fulashi, ina muikweze pa Google Drive mukapeza bandulo. Fulashi zotchipa zolembedwa kuti zili ndi malo ambirimbiri muzikayikire, zina zimanama, mumaika zinthu n'kuzipeza zitawonongeka. Ndipo nyengo ya chiperoni musaisiye pawindo, chinyezi cha kuno mukuchidziwa. Pogwira ntchito, chala chizolowere kudina Ctrl ndi S mphindi zingapo zilizonse kuti ntchito isungike.

Za mawu, jambulani ndi foni m'chipinda chotseka, usiku matakisi a njinga zamoto atasiya kudutsa. Lowetsani mawuwo poyamba, pakamwa mujambule potsatira mawu, osati mosemphanitsa. Maonekedwe anayi kapena asanu a pakamwa akwanira.

Mitundu ikani pa layer ina, imene ili ngati pepala loonekera losanjikizana ndi la mizere yanu. Kumbuyo jambulani kamodzi kokha, phiri lathu silisuntha. Tulutsani MP4, muichepetse kuti ilowe pa WhatsApp, muione kaye pa foni yanu musanatumizire anthu.