Kupereka Zakatul Fitr monga ankachitira Maswahaba: muyezo, mbewu ndi nthawi yake kuno ku Chigwa cha Shire

Zakatul Fitr, chopereka cha chakudya chimene Msilamu amapereka kwa osauka pakutha pa kusala kwa Ramadhan, inalamulidwa ku Madina m'chaka chachiwiri cha Hijra (kusamuka kwa Mtumiki Muhammad kuchoka ku Makka kupita ku Madina), chomwe ndi chaka cha 624, chaka chomwechonso chimene kusala Ramadhan kunakhala lamulo. Asilamu a nthawiyo sanali anthu achuma. Ambiri osamuka ku Makka anasiya nyumba ndi katundu, ena ankagona pakhonde la mzikiti. Komabe Ibn Umar, mmodzi wa Maswahaba (Asilamu amene anakhala limodzi ndi Mtumiki), anasimba kuti Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anaika muyezo umodzi wotchedwa sa' wa tende kapena balere pa Msilamu aliyense: mfulu ndi kapolo, mwamuna ndi mkazi, mwana ndi wamkulu. Choncho musati iyi ndi ya eni masitolo pa Nchalo kapena pa Ngabu okha. Aliyense amene ali ndi chakudya chopitirira chimene banja lake lidye usiku ndi tsiku la Idi, akuyenera kupereka.

Yambani ndi kuwerenga anthu. Mwini khomo amadziperekera yekha, mkazi wake, ana, ndi makolo amene akudya m'manja mwake. Chodulira nkhani ndi kulowa kwa dzuwa pa tsiku lomaliza la Ramadhan: khanda lobadwa dzuwa lisanalowe liwerengeni, lobadwa usikuwo ayi.

Pa muyezo ndi pamene ambiri amaphonya. Sa' si sikelo, ndi chotengera. Imakwana mudd zinayi, ndipo mudd ndi manja awiri ophatikiza, odzaza bwino, a munthu wa manja apakatikati. Zonse pamodzi ndi pafupifupi malita atatu. Popeza mapira, mchewere, mpunga ndi chimanga sizilemera mofanana, masheikh amanena makilogalamu 2.5 mpaka 3, ndipo ife timati tengani 3 kuti mtima ukhale m'malo. Banja la anthu 7 ndiye makilogalamu 21. Chenjerani ndi chigoba cha malita 5 cha pamsika: chimapitirira gawo la munthu mmodzi, koma sichikwanira anthu awiri, makamaka chikakhala chophwanyika m'mbali kapena chokankhidwa kunsi. Mukapima ndi manja, musapimitse mwana, ndipo tapani modzaza, osati mbewu zikuyoyoka pakati pa zala.

Nanga mupereke chiyani? Swahaba wina, Abu Sa'id al-Khudri, anatchula zimene ankapereka Mtumiki ali moyo: balere, tende, mphesa zouma ndi mkaka woumitsa, ndipo ananena kuti chimenecho ndicho chinali chakudya chawo. Pamenepa ndi pamene madhihabu a Shafi'i, njira ya malamulo a Chisilamu imene ambiri kuno timatsatira, anatengera lamulo lakuti munthu apereke chakudya chodalirika cha dera lake. Sitikufunika kusaka tende. Ku Chikwawa ndi Nsanje ndi chimanga, mapira, mchewere, kapena mpunga kwa a m'madambo. Mbewu ikhale yathunthu ndi yabwino. Ya anankafumbwe, yachuku chifukwa inanyowa, kapena yonunkha nkhungu siloledwa, ndipo kutentha kwa kuno kumafumbwitsa thumba msanga, choncho pisani dzanja mpaka pansi musanapime. Mapira ndi mchewere muyambe mwapeta, mungu ndi timiyala zichoke, chifukwa zimadzaza chigoba pachabe. Mpunga ukhale wopuntha. Wamakoko umataya gawo lalikulu ukapita kuchigayo, wosaukayo n'kutsala ndi zochepa. Ufa a Shafi'i saulola.

Za ndalama, ndi kupereka poyerekeza mtengo, pali kusiyana kwakale. Mu'awiya, yemwe anadzakhala mtsogoleri wa Asilamu patapita zaka Mtumiki atamwalira, atafika ku Madina anaona kuti theka la sa' ya tirigu wa ku Sham (dera la Syria) likufanana mtengo ndi sa' ya tende, anthu ambiri n'kutsatira, koma Abu Sa'id anakana, anapitiriza ndi sa' yathunthu moyo wake wonse. Lero a madhihabu a Hanafi amalola ndalama, a Shafi'i ayi. Njira yosavuta kwa wogwira ntchito m'minda ya nzimbe amene banja lake lili ku Makhanga kapena ku Marka ndi iyi: tumizani ndalama pafoni kwa munthu wodalirika, mumuuze momveka kuti akhale wakili wanu, kutanthauza wokuimirirani, agule mbewu, apime, apereke komweko. Gawo la banja liperekedwe kumene banjalo lili, lanu kumene inu muli. Musaiwale niya, kutsimikiza mumtima kuti iyi ndi Zakatul Fitr, popereka kapena pomutuma.

Nthawi yabwino koposa ndi m'mawa wa Idi anthu asanapite ku swala (pemphero) ya Idi, koma Maswahaba ankaperekanso kutatsala tsiku limodzi kapena awiri. Kuno tikulimbikitsa zimenezo pa zifukwa ziwiri. Mwezi watsopano ukhoza kuoneka pa 29 Ramadhan, inu mukuyembekeza 30. Chachiwiri, chimanga sichidyedwa chikangolandiridwa: mayi wamasiye ayenera kupeza ya chigayo, akonole, agayitse. Mukamupatsa m'mawa wa Idi, nsima ya Idi sadya. Pofika pa 27 Ramadhan matumba akhale atapimidwa. Ibn Abbas anasimba kuti yoperekedwa swala isanachitike ndiyo Zakatul Fitr yolandiridwa, ya pambuyo pake ndi sadaka wamba. Amene tsiku la Idi lamudutsa asaganize kuti yafafanizika. Ikadali ngongole, apereke msanga.

Olandira ndi Asilamu osauka a m'dera lanu. Simungapatse mkazi wanu, ana anu aang'ono kapena makolo amene mumawadyetsa kale, koma mlongo wanu wovutika pakhomo pake, kapena mphwanu amene munda wake unakokoloka, ndi woyenera kwambiri. Kusonkhanitsa pamzikiti ndi mwambo wa kale. Abu Huraira anapatsidwapo ntchito yolondera zopereka za Ramadhan zimenezi. Koma komiti ilembe mayina a olandira Ramadhan ili pakati, igawe swala isanafike, osati matumba kugona m'mzikiti mpaka Idi itadutsa. Chaka cha madzi osefukira, ngati 2023 pamene Ramadhan inapeza anthu m'misasa namondwe wa Freddy atangodutsa, yambani ndi a m'misasawo, ndipo amene alibe chotsala pa chakudya cha tsiku la Idi auzidwe poyera kuti iwo sakukakamizidwa kupereka.