Kusiyanitsa luso ndi mwayi pounika matimu ndi osewera baseball

Masamu amakono a baseball, amene wolemba za masewerowa Bill James anawatcha sabermetrics mu 1980, ali ndi ntchito imodzi yaikulu, yomwe ndi kulekanitsa zimene wosewera wachita ndi luso lake ndi zimene zangomugwera chifukwa cha mwayi, bwalo lomwe amasewerapo kapena anzake a m'timu. Mukagwira mfundo imeneyi, zidule zambirimbiri zomwe zimapezeka pa mawebusaiti a ziwerengero za baseball a FanGraphs ndi Baseball-Reference sizikuzunguzani mutu.

Yambani ndi timu yonse, ndipo musathamangire kuwerenga masewero omwe yapambana. Tengani ma run (zigoli za baseball) onse omwe yapeza m'sizoni n'kuchulukitsa nambalayo ndi iyo yomwe, chitani chimodzimodzi ndi ma run omwe adani apeza, kenako gawani yankho loyamba ndi mayankho onse awiri mutawaphatikiza. Chotulukacho muchichulukitse ndi 162, omwe ndi masewero a sizoni imodzi mu Major League Baseball, ndipo mudziwa masewero amene timuyo imayenera kupambana. Texas Rangers mu 2016 inapeza ma run 765 n'kulola 757, zomwe pa masamuwa zimapereka masewero pafupifupi 82, komatu inapambana 95 chifukwa masewero othera pa kusiyana kwa run imodzi inapambana 36 n'kugonja 11 okha. Mwayi wotere sukhalitsa, ndipo chaka chotsatira timuyo inapambana 78.

Mukafika kwa omenya mpira, ikani pambali batting average, nambala yosonyeza kuti wosewera amapeza kangati ma hit (kumenya mpira n'kufika pa base, malo oimapo othamanga), chifukwa imawerenga home run (kumenya kozungulira ma base onse) ngati yofanana ndi single (kumenya kofika pa base yoyamba yokha), komanso sisamala za wosewera amene wafika pa base yoyamba kudzera mu walk, kutanthauza mwaulere chifukwa woponya waphonya kanayi. Timu iliyonse ili ndi ma out (kutulutsidwa kwa wosewera) 27 okha pa masewero, choncho funso loyamba ndi lakuti wosewerayo amapewa kangati kutulutsidwa, ndipo nambala yoyankha funso limeneli ndi OBP. Timu ya Oakland Athletics, motsogozedwa ndi bwana wake Billy Beane, inadalira nzeru imeneyi posaka osewera otsika mtengo, ndipo mu 2002 inapambana masewero 103. Yoposa OBP ndi wOBA ya katswiri wa masamuwa Tom Tango, imene imapatsa chochitika chilichonse mtengo wake: walk pafupifupi 0.7, single pafupifupi 0.9, double (kumenya kofika pa base yachiwiri) pafupifupi 1.25, home run pafupifupi 2.

Ngakhale wOBA imanyenga ngati simuganizira bwalo. Coors Field ya ku Denver ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene nyanja yayambira, ndipo mpweya wake wopepuka umachititsa kuti mpira uziuluka patali, moti wosewera wamba amaoneka ngati katswiri. Poyerekeza osewera a matimu osiyana gwiritsani ntchito wRC+, yomwe imachotsa mphamvu ya bwalo n'kuika wosewera wapakatikati pa 100, kotero kuti wa 130 amapanga ma run ochuluka ndi 30 peresenti kuposa wapakatikatiyo.

Kwa oponya mpira ndi kumene anthu ambiri amasokera. Kuwerenga masewero omwe woponya wapambana n'kumuweruza ndi ntchito ya anzake omenya, ndipo umboni wake ndi Jacob deGrom, amene mu 2018, ali ku New York Mets, anali ndi ERA (ma run omwe woponya amalola pa ma inning 9, omwe ndi magawo a masewero amodzi) yotsika kwambiri ya 1.70 koma anapambana 10 n'kugonja 9. Nayo ERA imadalira luso la ogwira mpira m'bwalo. Mu 2001 Voros McCracken anaonetsa kuti mpira ukangomenyedwa n'kugwera m'bwalo, woponya amakhala ndi mphamvu yochepa kwambiri pa zotsatira zake, ndipo pa mipira khumi yotere pafupifupi itatu imasanduka ma hit kwa oponya ambiri. Nambala imeneyi ndi BABIP, ndipo itatu pa khumi imalembedwa .300. Mukaona woponya ali ndi BABIP ya .230, kayikirani ERA yake yokongolayo, ndipo wa .350 musafulumire kumutaya. M'malo mwake werengani FIP, yomwe imatenga zokhazo zimene woponya amalamulira yekha: chulukitsani ma home run ndi 13, onjezani ma walk pamodzi ndi omenya omwe wawagenda ndi mpira mutachulukitsa ndi 3, chotsani ma strikeout (kutulutsa womenya amene walephera katatu kumenya bwino mpira) mutachulukitsa ndi 2, gawani ndi ma inning omwe waponya, n'kuwonjezera nambala yoposa 3 pang'ono imene imasintha chaka ndi chaka. Ngati ERA yatsika kutali ndi FIP, kawirikawiri imadzakwera n'kuilondola.

Musanakhulupirire nambala iliyonse, funsani kuti yachokera pa masewero angati. Chizolowezi cha womenya chotulutsidwa ndi strikeout chimaonekera m'milungu yochepa, pamene BABIP yake imafuna nthawi yoposa sizoni imodzi kuti inene zoona. Pano ndi pomwe Statcast, njira yoyezera kuyenda kwa mpira ndi makina yomwe inaikidwa m'mabwalo onse 30 mu 2015, imathandiza, chifukwa imayeza liwiro lomwe mpira umachoka nalo pa ndodo. Womenya amene mipira yake yambiri ikufika mamailo 95 pa ola koma ikungothera m'manja mwa adani ali pa tsoka chabe, ndipo luso lake silinathe.

WAR muisungire kumapeto. Imasonkhanitsa kumenya, kuthamanga, kugwira mpira ndi kuvuta kwa malo omwe munthu amasewera, n'kunena masewero omwe wawonjezera poyerekeza ndi wosewera wopezeka mosavuta m'ligi yaing'ono, ndipo ma run pafupifupi 10 amawerengedwa ngati kupambana kumodzi. Wosewera wa tsiku ndi tsiku amakhala pa 2, katswiri pa 5, ndipo wa 8 amakhala m'gulu la opikisanira mphoto ya MVP, yopatsidwa kwa wosewera wopambana onse. Dziwani kuti FanGraphs imawerengera WAR ya oponya kuchokera ku FIP, pamene Baseball-Reference imayambira pa ma run omwe alola, choncho musasakanize ziwirizi, ndiponso kusiyana kwa 5.1 ndi 5.6 n'kochepa kwambiri moti sikungakuuzeni woposa mnzake.