Kompyuta ikakana kuona hard disk kapena Wi-Fi poika Windows: mmene ndimachitira

Malaputopu ambiri amene amafika pa tebulo langa kuno ku Nchalo ndi a kaunjika, ogula ku Limbe kapena otumizidwa ndi achibale a ku Joni. Chisiyireni Microsoft kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, aliyense akufuna Windows 11, ndipo ambiri amayamba ayesa okha kunyumba. Amabwera kuno zitawakanika, mawu ake amodzimodzi: "Achimwene, makinawa afa." Nthawi zambiri amakhala asanafe. Amangosowa driver, kapulogalamu kamene kamathandiza Windows kuzindikira chipangizo chilichonse cha m'katimo.

Za kukonza fulashi yoikira Windows ndi pulogalamu ya Rufus sinditayapo nthawi. Fulashi ikhale ya 8GB kapena kuposa, koma ikhale yeniyeni. Pali anyamata ena oyenda ndi mafulashi m'chikwama m'madepoti, olembedwa 64GB koma mtengo wa mandasi. Amenewo amameza mafayilo mwakachetechete, Windows n'kuimira panjira, inu n'kumanamizira laputopu. Mukakayikira iyeseni ndi H2testw, pulogalamu yoona kukula kwenikweni kwa fulashi. Batire ikhale yodzaza chifukwa magetsi satsanzika, ndipo ntchitoyi igwireni m'mawa. Kutentha kwa kuno mwezi wa Okutobala, laputopu yodzadza fumbi imazima yokha masana.

Tsopano pamene ndinagwa nazo ine. Mphunzitsi wina wa ku Ngabu anandibweretsera laputopu yooneka bwino, ya purosesa ya Intel ya m'badwo wa 11. Zonse zinayenda mpaka pomwe Windows imafunsa kuti iikidwe pati. Bokosi lopanda kanthu, pansi pake mawu oti "We couldn't find any drives". Ndinasintha fulashi, chimodzimodzi. Ndinamasula makina, kuchotsa SSD (disiki yosungira zinthu, imene imagwira ntchito ya hard disk), kuipukuta, kuibwezera. Ayi ndithu. Ndiye ndinagamula kuti SSD yapsa, ndipo aphunzitsiwo anandikhulupirira n'kutapa m'thumba. Ndinakwera minibasi, kudutsa pa Thabwa, kukwera zitunda zija mpaka ku Blantyre, kukagula ina. Wogulitsayo anavomereza msangamsanga kuti inde zimenezi zimapsa kwambiri. Akanakana bwanji ndalama ili m'manja? Kufika kunyumba usiku, kuika yatsopanoyo, bokosi lija lopanda kanthu ngati kale. Thukuta limene linatuluka pamenepo silinali la kutentha kwa ku Chigwa.

Chimene sindinachite n'chimene muyenera kuyambira inu: lowani mu BIOS, menyu ya makinawo imene imatseguka Windows isanadzuke, muone ngati SSD ikuoneka. Pa HP dinani F10 mukangoyatsa, pa Dell F2, pa Lenovo F1 kapena F2. Ngati dzina la SSD lilipo, ndiye kuti ndi yamoyo, musagule kanthu. Vuto n'lakuti malaputopu ambiri a Intel kuyambira m'badwo wa 11 amadutsitsa SSD pa chinthu chotchedwa VMD, ndipo fulashi ya Windows nthawi zambiri imabwera yopanda driver wake.

Njira zilipo ziwiri. Yachidule: mu BIOS momwemo fufuzani VMD muizimitse, kapena pomwe palembedwa SATA Operation kapena SATA Mode musinthe kuchoka pa RAID kapena RST kupita pa AHCI. Sungani, yatsaninso, disiki ionekera. Koma chenjerani: mukachita zimenezi pa makina amene Windows yake yakale mukuifunabe, idzakana kudzuka, idzangokuonetsani sikirini yabuluu mpaka mutabwezera mmene zinalili. Komanso malaputopu ena sapereka n'komwe mpata wosintha.

Zikatero tsatani njira yaitali, imene inenso ndimaikonda. Pa kompyuta ina, pitani pa webusaiti ya kampani imene inapanga laputopuyo, lembani modelo yake, mudawunilode Intel Rapid Storage Technology. Apa mpamene ambiri amaphonya: Windows pa nthawi imeneyo siitha kutsegula fayilo ya .exe. Muyambe mwaimasula kuti mupeze foda yokhala ndi mafayilo othera ndi .inf, foda imeneyo ndiyo muikopere pa fulashi. Pa bokosi lopanda kanthu lija dinani Load driver, kenako Browse, lozani fodayo, sankhani mzere wotchula VMD. Ya aphunzitsi aja inaonekera nthawi yomweyo, itabwezeredwa SSD yawo yakale yomwe ija. Ndalama ndinabweza, ya minibasi inalowa m'madzi, ndipo SSD yatsopanoyo inakhala m'kabati miyezi ingapo.

Nthawi zina pa siteji yomweyi kachala sikayenda pa touchpad. Bayani mbewa ya waya, mupitirize.

Kenako Wi-Fi. Windows 11 imaumirira intaneti musanafike pa desktop, pomwe driver wa Wi-Fi mulibe. Tengani foni ya Android, ilumikizeni ndi chingwe, muyatse USB tethering pa foniyo kuti igawire kompyuta intaneti; kompyuta imaiona ngati intaneti ya waya. Chingwe chikhale chonyamula data, osati tija totchipa tongotchaja. Gulirani bandulo yokwanira ya TNM kapena Airtel, chifukwa Windows Update ikayamba kukoka sifunsa kuti m'thumba muli bwanji. Ikamaliza, ma driver ambiri amakhala alowa okha.

Zotsala muziona mu Device Manager, mndandanda wa zipangizo mu Windows, zili ndi kachizindikiro kachikasu. Dinani chipangizocho ndi batani la kumanja la mbewa, kenako Properties, Details, Hardware Ids. Manambala otsatira VEN amakuuzani mwini chipangizo: 8086 ndi Intel, 10EC ndi Realtek, 14E4 ndi Broadcom, 10DE ndi Nvidia. Koperani mzere wonsewo mufufuze nawo driver woyenera. Mapulogalamu aja olonjeza kuika ma driver onse kamodzi, omwe ena amagulitsa pa fulashi, ine ndinawasiya. Amabwera ndi alendo osaitanidwa.

Oika Ubuntu kapena Linux Mint m'malo mwa Windows, lembani lspci ndi lsusb mu terminal, polembera malamulo, kuti muone mayina a zipangizo. Wi-Fi ikakhala ya Broadcom, tethering yomwe ija, kenako Additional Drivers pa Ubuntu kapena Driver Manager pa Mint.

Mawu ndi Bluetooth zikakana, dikirani update, yatsaninso kawiri. Foda ya ma driver ija musaifufute pa fulashi, muilembe dzina la modelo.