Akamangokusinthirani tsiku lozula kapena kumata dzino

Munthu wochokera ku Makanjira, ku Katuli kapena ku Chilipa akafika pa chipatala cha pa Boma ku Mangochi m'mamawa, dzino likumubaya, n'kuuzidwa kuti "mubwere sabata yamawa", amakhala wataya ndalama ya thiransipoti, tsiku la ntchito ndi tulo ta usiku wina. Zikachitika kawiri katatu ambiri amangogwa ulesi, osabwereranso. Koma dzino lobooka silipola lokha, ndiye musachoke pakhomo la chipinda cha mano musanadziwe zinthu ziwiri: chomwe chalepheretsa, ndi tsiku lina lolembedwa m'buku lanu la kuchipatala.

Funsani chifukwa mwaulemu koma mosazungulira: "Adokotala, chavuta n'chiyani lero, ndipo chikhala chitakonzeka liti?" Yankho lake ndi limene likuuzeni chochita. Ngati magetsi azima ndipo jenereta ilibe dizilo, makina obowolera dzino sayenda, komanso makina ophera tizilombo pa zipangizo satentha. Zipanero zozulira zimakhala zowerengeka. Zikagwira pa anthu oyambirira, otsalawo sangathandizidwe mpaka zitaphikidwanso. Pamenepa musaumirize, chifukwa chipanero chosaphika chingakupatseni matenda a chiwindi kapena HIV. Chofunika n'kulawirira ulendo wina kuti mukhale m'gulu loyamba. Ngati watha ndi jakisoni wochititsa dzanzi, kubwera mawa n'kutaya ndalama. Pemphani nambala ya foni ya chipindacho kuti muzifunsa muli kwanu. Ngati wothandiza mano ali kumaphunziro kapena kumaliro, funsani tsiku lobwerera. Ogwira ntchitoyi ndi ochepa m'dziko muno: ambiri ndi ma dental therapist (othandiza mano omwe si madokotala a digiri) ophunzira ku Malawi College of Health Sciences, ndipo maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku Blantyre. Mmodzi akachokapo, nthawi zina chipinda chonse chimatsekedwa.

Nthawi zina chobweza munthu chili m'thupi mwake. BP ikakwera kwambiri, kapena shuga, dokotala wosamala sazula, poopa kuti magazi avuta kusiya kapena bala lichedwa kupola. Amene mumamwa mankhwala a BP kapena a shuga, imwani monga mwa masiku onse, idyani kadzutsa, ndipo ngati n'kotheka kayezetseni pa chipatala chaching'ono chakwanu masiku awiri tsikulo lisanafike. Ngati mumamwa warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana) kapena asipirini tsiku lililonse, nenani pa tsiku lolembetsa, ndipo musasiye nokha. Amayi oyembekezera anenenso msanga. M'mwezi wa Ramadan, amene mukusala uzani dokotala polembetsa kuti mugwirizane nthawi, chifukwa kubayidwa jakisoni m'mimba muli njala kumakomola anthu ena, ndipo mukazulidwa mumafunika kumwa mankhwala a ululu.

Pa tsiku lomwe akubwezani, apatseni buku kuti alembemo deti la lero, dzino lovutalo, chifukwa chomwe simunathandizidwe, deti latsopano ndi siginecha. Mawu apakamwa amaiwalika, ndipo ulendo wina mungapeze munthu wina pampandopo. Kukatsala tsiku limodzi imbani masana. M'mawa mwake imbaninso musanakwere minibasi kapena njinga yamoto. Funsani zinthu zenizeni: dokotala alipo, jakisoni alipo, magetsi alipo? Ochokera kutali, makamaka nyengo ya mvula misewu ikavuta, nenani komwe mukuchokera ndipo pemphani kuikidwa koyambirira. Ngati n'chipatala cholipira ndipo munapereka kale ndalama, sungani lisiti; ndalamayo isamukire ku tsiku latsopano kapena ibwezedwe.

Akakubwezani kachitatu, lekani kungodikira. Pemphani kalata yokutumizani kwina. Mavuto aakulu, monga dzino lakumapeto lokwiririka m'nsagwada, amapita ku Zomba Central Hospital kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Mukhozanso kufunsa ku zipatala za mishoni (CHAM) kapena zapulayiveti, koma imbani kaye kuti mumve ngati amathandiza mano ndi mtengo wake. Dandaulo lanu pitani nalo kwa mkulu wa chipindacho, kenako kwa ombudsman (wolandira madandaulo) wa pachipatala, buku lili m'manja. Madeti atatu olembedwa amamveka kuposa kukalipa pa mzere.

Podikira, munthu wamkulu amwe panado mapiritsi 2 a 500 mg pakadutsa maola 6 aliwonse, osapitirira mapiritsi 8 pa tsiku. Bulufeni wa 400 mg katatu pa tsiku, mutadya, amathandiza kwambiri pa ululu wa dzino, koma si wa amayi oyembekezera, a zilonda za m'mimba kapena a vuto la impso, ndipo a mphumu afunse kaye. Chukuchani m'kamwa ndi kapu ya madzi ofunda osungunulamo theka la supuni yaing'ono ya mchere, katatu kapena kanayi pa tsiku. Musaike asipirini, fodya, petulo kapena madzi a m'batire pa dzino. Zimawotcha nkhama, dzinolo n'kukhala momwemo. Makapisozi ogula pamsika angachepetse kutupa kwa masiku ochepa, koma gwero la mafinya lili m'kati mwa dzino momwe mankhwalawo safika.

Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi ululu ukasiya wokha. Munthu amaganiza kuti wachira, n'kulumpha tsiku lake kupita kunyanja kapena kumunda. Kawirikawiri umakhala mtsempha wa dzinolo kuti wafa, ndipo tizilombo tikutsikira ku muzu. Pitanibe. Ngati mwalepheradi, dziwitsani chipatala tsiku lisanafike kuti malo anu apatse wina.

Pali zizindikiro zosadikira deti lililonse: kutupa kofalikira kunsi kwa chibwano, m'khosi kapena kufupi ndi diso, kutentha thupi, kulephera kuyasamula, kumeza malovu movutikira, kapena kubanika. Mafinya oterowo amatha kutseka njira ya mpweya m'maola ochepa. Pitani ku chipatala nthawi yomweyo, kaya ndi usiku kaya Lamlungu, ndipo musakakhale pa benchi la mano; uzani namwino woyamba kumuona kuti mukulephera kumeza kapena kupuma.