Musawapumulitse agogo mpaka kuwachotsa pakati pa anthu

Nyengo ino ntchito yachuluka ndipo dzuwa likuswa mtengo. Mabanja akulawirira m'mamawa, ana kusukulu, akuluakulu kumunda kapena kuntchito, pakhomo n'kutsala munthu mmodzi yekha, agogo. Chakudya awasiyira chovundikira, mankhwala awaikira pafupi, chitseko achitseka kuti asatuluke n'kukagwa. Ukafunsa, eni khomo amayankha monyadira kuti, "Tikuwasamalira. Anagwira ntchito nthawi yawo, pano apumule." Yankho limeneli ndalimva khomo ndi khomo mpaka landikwana.

Sindikunena kuti pali nkhanza. Ambiri mwa anthu amenewa ndi ana abwino, ogula mankhwala pa nthawi yake, othamangira kuchipatala kholo likangotsokomola. Chimene sakuona n'chakuti poletsa agogo ntchito, awaletsanso anthu. Tintchito tija mukuti n'totopetsa, kukaona ziweto, kupita kumsika, kukakhala nawo pamsonkhano wa alimi, kupita kumapemphero, n'timene tinkawakumanitsa ndi anzawo. Mwatichotsa tonse. Madzulo mukubwera otopa, moni mmodzi, aliyense maso pa foni yake, kenako kukagona. Tawerengani mawu amene agogowo ayankhula kuchokera m'mawa. Mwina sakufika pa makumi awiri.

Ena amaganiza kuti kusungulumwa ndi nkhani ya mumtima chabe, yosakhudza thupi. Ayi ndithu. Mu 2010, Julianne Holt-Lunstad ndi anzake anaphatikiza zotsatira za ntchito zofufuza 148, zokhudza anthu oposa 300,000. Anapeza kuti anthu okhala bwino ndi anzawo mwayi wawo wokhalabe ndi moyo pa zaka zimene ankawatsatira unali wokwera ndi 50 peresenti poyerekeza ndi osowa anzawo. Wina anganene kuti n'zachidziwikire, wodwala ndi amene amabindikira. Ofufuzawo anaziganizira zimenezo, ndipo kusiyanaku kunaonekabe kaya munthu anali wathanzi kapena wodwala poyamba. Mu 2016 ofufuza ena anasonyeza kuti kusowa anthu ocheza nawo kumayendera limodzi ndi kukwera kwa chiopsezo cha matenda a mtima ndi 29 peresenti, ndi cha sitiroko ndi 32 peresenti. N'chifukwa chake mu 2023 Vivek Murthy, yemwe anali mlangizi wamkulu wa zaumoyo m'boma la America, anachenjeza kuti kukhala wopanda anthu n'koopsa mofanana ndi kusuta ndudu zofika 15 patsiku. Inu amene mumawabisira agogo fodya, n'kuwasiya okha kuyambira m'mawa mpaka kugwa kwa dzuwa, taganizirani zimenezo.

Mmene zimachitikira si zodabwitsa. Munthu wosungulumwa thupi lake limakhala tcheru ngati kuti pali choopsa pafupi. Mahomoni a nkhawa, timadzi timene thupi limatulutsa likaona choopsa, amachuluka, magazi amathamanga, tulo timakhala todukaduka. Koma zina sizifuna n'komwe dokotala kuti afotokoze. Wodya yekha amadya pang'ono. Wopanda kopita sasamba msanga, savala bwino, sayenda. Wopanda womufunsa amaiwala mankhwala kapena kumwa kawiri. Ndipo miyendo ya wokalamba sichedwa kufooka: pa kafukufuku wina wa mu 2007, achikulire athanzi amene anagonekedwa pabedi masiku 10 okha anataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya minofu ya m'miyendo. Ndiye mwawatsekera poopa kuti angagwe, miyendo yafooka, tsiku lina akupita kuchimbudzi agwera m'nyumba momwemo, ndipo palibe womva mpaka madzulo.

Kutenthaku ndi kumene kwandichititsa kulemba msanga. Munthu akamakalamba samva ludzu mwachangu ngati wachinyamata, ndipo thupi lake limavutika kudziziziritsa. Amatha kuuma m'thupi madzi ali pambali pake. Mu July 1995 kutentha kunapha anthu oposa 700 mumzinda wa Chicago m'masiku ochepa, ndipo ofufuza atalondola anapeza kuti ambiri anali achikulire, makamaka okhala okha ndi osatuluka m'nyumba tsiku ndi tsiku. Amene anali ndi anzawo kapena magulu owayendera anapulumuka kwambiri. Mu August 2003 dziko la France linataya anthu pafupifupi 15,000 m'njira yomweyi, ochuluka ali okalamba. Kumeneko kuli zipatala, kuli magetsi, kuli madzi m'mipope. Chinasowa ndi munthu wogogoda pachitseko.

Mlimi wina anandiimitsa panjira kuti ndikaone mbewu zake, koma nkhani inathera kwina. Anati, "Alangizi, mundithandize maganizo. Bambo anga aja asintha. Sakufuna kumeta, sakudya, dzulo anditchula dzina la mchimwene wanga amene anamwalira." Ndinafunsa kuti zinayamba liti. Anakanda m'mutu n'kunena kuti chiyambire pamene anawagulitsira mbuzi. Iye anaona kuti bambo ake akutopa ndi kuzilondola, ndiye anazigulitsa zonse, ndalama n'kuwakonzera nyumba. Ndinamufunsa kuti, "Nanga kubusa kuja ankakhala ndi ndani, bambo?" Anakhala chete kanthawi. Kumeneko n'kumene ankakumana ndi amuna anzawo amsinkhu wawo, kukangana za mvula, kunenana za ana. Mbuzi zitapita, panalibenso chifukwa chodzukira. Ndinamuuza kuti ayambe wawatengera kuchipatala, popeza kusokonezeka mutu kwa wokalamba kumatha kuyamba ndi matenda ochizika ngati a m'chikhodzodzo. Anapita nawo. Pobwera sanagule mbuzi zina, koma mnansi wake anavomera kuti madalawo azimuonera zake m'mawa uliwonse. Nditakumananso naye anaseka: "Ayambiranso kundikalipira kuti sindidziwa kumanga khola." Sanabwerere mwakale mwenimweni, koma akudya ndipo akumeta.

Kulakwitsa komweku kumabweranso m'njira ina, yooneka yaulemu kwambiri. Mwana wapeza bwino, akuti mayi asavutike, abwere adzakhale nafe. Nyumba yabwino, chipinda chawochawo, wailesi yakanema. Koma anzawo onse, amene ankadziwa mbiri yawo, amene ankaseka nawo nthabwala za zaka 50 zapitazo, atsala kutali. Mlimi aliyense amadziwa kuti mbande ndiyo imaokeredwa. Mtengo waukulu ukauzula n'kukaubzala pena, ngakhale dothi likhale lachonde, sugwira msanga. Nthawi zina kusamutsa kholo n'kosapeweka, ndikudziwa. Koma amene asamutsa ndiye ali ndi ntchito yowapezera anthu kumalo atsopanowo, ndipo wailesi yakanema siyankha munthu akailankhula.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndi mawu akuti "ndi ukalamba basi". Agogo asiya kuyankha pocheza, akuti ndi ukalamba. Asiya kupita kumapemphero, ukalamba. Kawirikawiri munthuyo wangosiya kumva bwino. Watopa ndi kufunsa kuti "mwati chiyani?", watopa ndi kusekedwa ndi adzukulu akayankha zosagwirizana ndi funso, ndiye wasankha kukhala phee pakona. Ena maso achita ng'ala, akuopa njira. Amayi ena achikulire akuvutika kusunga mkodzo ndipo manyazi awatsekera m'nyumba, sangauze mwana wawo wamwamuna. Zonsezi zili ndi chithandizo. Gulu la akatswiri a matenda oiwalaiwala losonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet linaika kusamva bwino ndi kusowa anthu ocheza nawo pa mndandanda wa zinthu 12 zopeweka zimene zimakweza chiopsezo cha matendawa mu 2020, ndipo mu 2024 linawonjezerapo vuto la maso losachizidwa. Ubongo umafuna kugwira ntchito, ndipo kucheza ndi ntchito yaikulu: kumva, kukumbukira dzina, kukonza yankho, kutsutsa. Mukawachotsera zimenezi, musadabwe akayamba kuiwala.

Vutoli lafika poti maboma ena aliikira nduna. Dziko la United Kingdom linasankha nduna yoona za kusungulumwa mu 2018, Japan n'kutsatira mu 2021. Lipoti la mu 2025 la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati munthu mmodzi mwa anthu 6 alionse padziko amasungulumwa, kuti zimenezi zikukhudzana ndi imfa zoposa 871,000 pachaka, ndi kuti okalamba osowa anthu owazungulira amafika mmodzi mwa atatu alionse. Pakhomo panu sipafunika nduna.

Komanso musaganize kuti kuwaunjikira alendo Lamlungu lililonse kwathetsa nkhani. Munthu amatha kusungulumwa m'nyumba yodzaza anthu ngati palibe womufunsa maganizo. Wokalamba amafuna kuti wina azimufuna. Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu ovutika maganizo, atakhala pa benchi panja pa chipatala, ndipo kafukufuku wa mu 2016 anasonyeza kuti odwala othandizidwa m'njira imeneyi ankapeza bwino kuposa olandira chithandizo cha masiku onse. Anthu amsinkhu umene ife tikuti angokhala, kwina ndi amene akuchiza anzawo.

Zochita sindichulutsa, mukuzidziwa. Abwezereni ntchito imodzi yopepuka imene ili yawoyawo, kaya kusankha mbewu, kudyetsa ziweto, kuthirira kadimba kapafupi kapena kumvetsera mdzukulu akamawerenga, ndipo musawakonzere akalakwitsa pang'ono. Chakudya chimodzi patsiku azidya ndi anthu. Masiku otentha ano pangananani ndi mnansi kuti azisuzumira masana, aone kuti madzi amwa ndi kuti mpweya ukulowa, ndipo chitseko musakhome. Ngati pali mnzawo wapamtima amene miyendo yamukanika, konzani zowakumanitsa ngakhale kamodzi pa sabata. Ana amene muli kutali, imbani foni pa tsiku ndi ola lodziwika kuti akhale ndi choyembekezera, ndipo afunseni malangizo pa nkhani yeniyeni, osangoti "mwadzuka bwanji" n'kudula. Akayezedwe makutu ndi maso. Amene angoferedwa mkazi kapena mwamuna ayang'anireni kwambiri miyezi yoyambayi, alendo onse atabalalika. Mukaona kuti akuonda, sakugona, asokonezeka mwadzidzidzi kapena akunena zoti bola kufa, musadikire kuti ntchito ya kumunda ithe, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.